Miyezi itatu kwa madala a pabwalo la mpira ku Ulongwe: kodi mametikali 1,500 aja anagwira ntchito?

Nditangotsika chapa pa Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, sabata yatha, munthu woyamba kumuona anali madala aja amene anandikonzekeretsa za usilikali, ali pamsika akusankha tomato. Ndinangozindikira ndaima chilili, manja m'mbali, chifuwa patsogolo. Iwo sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana mapazi anga n'kunena kuti, "Zidendene zagundana. Basi, ndalama za mayi ako sizinalowe m'madzi." Atatero anabwerera kwa mayi wa tomato uja kukapitiriza mkangano wa mtengo.

Chibwerereni kutchuthi kuno, makolo anayi andifunsa kale funso limodzimodzi. Mwana wathu dzina lake latuluka kuti apite ku usilikali, kodi timutumize kwa madala a pabwalo aja, kapena n'kutaya ndalama chabe? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pakhonde la amayi nsima ikuzizira, ndiye ndaganiza zolemba zonse pamodzi, zabwino ndi zoipa zomwe.

Dzina lawo sinditchula. Alibe chikwangwani, alibe ofesi, ndipo sindinawapemphe chilolezo. Ife tinkangowatchula kuti a Sarjento. Ndi bambo wamfupi, wa imvi, woyenda motsimphina pang'ono m'mawa kukazizira. Analowa usilikali nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, n'kukhalabe pamene ankhondo a mbali ziwiri zija anaphatikizidwa kukhala gulu limodzi la asilikali a dziko lino, FADM, mu 1994, mpaka anapuma. Ntchito imene akugwira tsopano ndi yokonzekeretsa achinyamata amene aitanidwa ku usilikali. Ine ndinkalipira mametikali 500 pamwezi. M'mawa uliwonse kupatula Lamlungu tinkakumana pabwalo la mpira kuyambira 4:30 mpaka 6:30, ndipo masana atatu pasabata tinkakhala pakhonde pawo kuphunzira Chipwitikizi.

Abale a ku Malawi amene mukuwerenga, mwina mukudabwa kuti munthu angalipire bwanji kuti akonzekere chinthu chimene sanachifune. Kwanuko usilikali ndi ntchito yochita kufunsira, anthu n'kumakanganirana malo. Kuno ku Mozambique ndi lamulo. Chaka chimene ukukwanitsa zaka 18, kaya ndiwe mnyamata kaya mtsikana, umayenera kukalembetsa m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Olembetsa ndi ambiri, oitanidwa ndi ochepa, ndiye anthu amalembetsa n'kuiwala. Koma dzina lako likatuluka, umapita kukapimidwa thupi ndi zina pa zimene amati provas de classificação e selecção, ndipo akakupeza kuti uli bwino, ulendo wapsa. Kale unkatumikira zaka ziwiri. Kumapeto kwa 2023 aphungu ku Maputo anasintha lamulo kuti zikhale zisanu, ndipo kwa a magulu apadera zisanu ndi chimodzi. Mukaonjezapo nkhondo ya ku Cabo Delgado imene inayamba mu Okutobala 2017, mumvetsa chifukwa chake amayi anga anagulitsa matumba a mbatatesi n'kundiuza kuti, "Pita kwa madalawo, usakafike kumeneko ngati mbuzi yopita kumsika."

Mavuto anga anali awiri, ndipo ndikudziwa kuti si ine ndekha kuno kumalire. Kwathu ndi kufupi ndi Calomue, amayi ndi a ku Dedza, ndipo sukulu yonse imene ndinaphunzira ndinaphunzira tsidya la Malawi mpaka Sitandade 7. Chingerezi ndimachitolatola. Chipwitikizi changa chinali cha pamsika: bom dia, quanto custa, obrigado, basi. Ku Angónia ungathe kubadwa, kukwatira, kuchita malonda mpaka kukalamba ndi Chichewa chokha, ndipo palibe angakuseke. Vuto lachiwiri ndinkalikana. Ndinali nditakhala zaka zitatu pa njinga yamoto kunyamula anthu, koma chifukwa thumba la makilogalamu 50 ndinkalikweza ndekha pakaliyala, ndinkadziona ngati chiphona.

Tsiku loyamba a Sarjento anatulutsa wotchi ndi kabuku kachikuto cholimba, n'kutiuza kuti tizungulire bwalo kwa mphindi 12, aliyense mmene angathere. Ndinanyamuka ngati ndikuthamangitsa wakuba. Pozungulira kachitatu m'nthitimu munayamba kubaya, kachinayi ndinayamba kuona nyenyezi, ndipo nditangomaliza kachisanu ndinagwada kuseri kwa golo n'kubweza phala lonse limene amayi anandidzutsira usiku. Mtsikana wina wa ku Dómuè, wowonda ngati bango, anazungulira kasanu ndi kawiri n'kuima pambali akumanga bwino duku. Madala analemba m'kabuku kaja osanena kanthu. Kenako anabwera pamene ndinagwadapo n'kuti, "Mphwanga, mphamvu zonyamula ndi za bulu. Kumene ukupitako akufuna mpweya."

Pa nkhani ya kuthamanga yokha ndilibe zambiri zonena, chifukwa palibe matsenga. Masabata awiri oyamba tinkasinthanitsa kuthamanga ndi kuyenda. Kenako tinayamba kutuluka m'bwalo kulowa msewu wafumbi wokwera chitunda, Loweruka n'kuyenda ulendo wautali titabereka zikwama zoikamo mchenga. Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse ankabwereza mayeso a mphindi 12 aja. Pomaliza miyezi itatu ndinkazungulira kasanu ndi katatu, osagwada. Mapushapu ndinayamba ndi 14, ndinamaliza ndi 41. Zimenezi munthu wodziletsa angathe kuzichita yekha popanda kulipira aliyense. Kungoti ine ndekha, m'chisanu cha Juni cha ku Angónia, nkhungu ili thoo, sindikanadzuka.

Chimene ndikuti chinali choyenera ndalama zija ndi china. Pabwalo paja Chichewa chinali choletsedwa, ndipo mawu onse a perete tinkawaphunzira tili wefuwefu. Madala sankatiphunzitsa "Sentido!" titakhala pansi ndi cholembera. Ankadikira tithamange mpaka malilime atuluke, ndiye n'kukuwa. Ukachedwa kugundanitsa zidendene, gulu lonse pansi. "Descansar!" phazi lakumanzere litanuke. "Direita, volver!" "Esquerda, volver!" "Meia-volta, volver!" "Em frente, marche!" "Alto!" Tsiku lina ndinawadandaulira kuti bwanji osatiphunzitsa kaye mawuwa masana mitu ili bwino. Anandiyankha kuti khutu la munthu wokhala pampando ndi khutu la munthu wabefu ndi makutu awiri osiyana, ndipo kumene ndikupita adzalankhula ndi lachiwirilo. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndi nkhanza za ukalamba. Ndinamvetsa ndili kutali.

Anatiphunzitsanso kuti lamulo la perete limabwera pawiri. Mawu oyamba amakokedwa, ndi ongokuchenjeza kumene upite. Achiwiri ndi aafupi, okhadzula, ndipo ndi pamene thupi liyenera kusuntha. Ukamva "Direitaaa" usagwedezeke, ingokonzeka m'mutu, udikire "volver". Ambiri amene amalakwitsa si kuti sadziwa kumanja ndi kumanzere, koma amathamangira mawu oyamba. Ine vuto langa linali lenileni la kumanja ndi kumanzere. Kusukulu ku Dedza tinkaguba ndi lefiti ndi raiti, ndiye mutu wanga unkayamba watembenuza esquerda kupita ku Chingerezi, kuchoka apo kupita ku Chichewa, kenako n'kuuza mwendo. Pofika pamenepo anzanga atembenuka kalekale, ine ndayang'anizana ndi wina maso ndi maso. Madala anang'amba kansalu kofiira n'kundimanga padzanja lamanzere. Ndinayenda nako masabata atatu, ngakhale pa njinga, mpaka makasitomala ankandifunsa ngati ndapita kwa sing'anga. Tsiku limene anakadula ndi mpeni, esquerda inali itakhazikika m'dzanjamo, yosadutsanso m'mutu.

Manambala nawo ankalowa ndi thukuta. Mapushapu, amene kumeneko amati flexões, tinkawerenga mokweza m'Chipwitikizi, ndipo wina akaphonya tonse tinkabwerera pa um. Ine ndinkakodwa pa dezasseis ndi dezassete, moti anzanga anafika podana nane tikamayandikira 16. Ndinkasokonezanso sessenta ndi setenta, 60 ndi 70. Ndikuuzeni, palibe mphunzitsi woposa maso a anthu khumi amene abwerezedwa mapushapu chifukwa cha iwe.

Maphunziro a masana a pakhonde aja ndiwo anali ofooka. A Sarjento si mphunzitsi wa chiyankhulo, ndipo iwonso Chipwitikizi anachiphunzirira m'tchire. Bolodi linali chidutswa cha pulayiwudi chopakidwa makala. Mukawafunsa chifukwa chake pena timati fui pena ia, ankangoti, "Zimatero basi." Theka la nthawi linkathera nkhani za nkhondo, zokoma kumva tsiku loyamba, koma pofika mwezi wachiwiri tinkadziwa pamene mlatho uphulike ndi pamene iwo adumphire m'madzi. Anatilipiritsanso mametikali 150 apadera a mapepala ofotokopa, amene theka lake silinkawerengeka.

Komabe m'matope amenewo munali zinthu zitatu zimene ndinazigwiritsa ntchito. Choyamba, mawu a thupi oti ukanene kuchipatala cha kukampu: joelho bondo, tornozelo kakolo, febre kutentha thupi, tonturas chizungulire, bolha thuza. Anatikakamiza kunena "dói-me aqui" tikuloza malo enieni, ati msilikali wosatha kufotokoza pamene pakupweteka amapatsidwa mankhwala a mutu bondo likutupa. Chachiwiri, nkhani ya tu. Chipwitikizi cha pamsika chimene tinazolowera ndi cha tu kwa aliyense, koma tu ndi iwe. Kodi ungapite kwa apongozi n'kuwati iwe? Wamkulu umati o senhor, ndipo usanalowe kapena kulankhula umapempha licença. Chachitatu chinali mpini wa khasu. Madala anali ndi mpini wakale umene anaulemba ndi choko zigawo za mfuti: cano kutsogolo, coronha kumbuyo, gatilho pokhethemulira, kachitini komangirira ndi waya n'kukhala carregador, chingwe cha chikwama n'kukhala bandoleira. Tinkaseka. Koma tsiku limene ndinagwira AKM yeniyeni, mlangizi akutchula zigawo mothamanga, ine m'maso mwanga munkabwera mpini uja ndi choko chake.

Panalinso chiganizo chimodzi chimene ankatibwerezetsa tsiku lililonse tisanabalalike: "Não percebi, peço para repetir." Sindinamve, chonde bwerezani. Ankati manyazi ndi amene amapha anyamata a kumudzi, amagwedeza mutu ngati amva, n'kukachita zosiyana. Safunsa anadya phula, ndipo ku usilikali phulalo amadya gulu lonse.

Titapimidwa ku Tete n'kupezeka kuti tili bwino, tsiku linakwana. Malo odziwika ophunzitsira asilikali atsopano ndi Munguine m'boma la Manhiça, chigawo cha Maputo, ndi Montepuez ku Cabo Delgado. Ife anatitengera kum'mwera. Ndinali ndisanapitirirepo mlatho wa Samora Machel pa Zambezi. Tinadutsa Chimoio, pa Inchope n'kulowa msewu waukulu wa EN1, kuwoloka Save, Maxixe, Xai-Xai, miyendo itatupa m'basi. Pofika kumeneko ndinapeza dziko lina: lathyathyathya, lamchenga, minda ya nzimbe mbali ya mtsinje wa Incomati, mpweya wolemera ngati uli m'bafa mmene wina wangosambamo madzi otentha, ndi udzudzu wosagona.

M'mawa woyamba pa formatura, anthu mazana ataima m'mizere, tulo tili m'maso, mawu anang'amba: "Sentido!" Zidendene zanga zinagundana zokha. Pa "Esquerda, volver!" ndinatembenuka bwinobwino, ndipo amene ndinayang'anizana naye maso ndi maso anali mnyamata wa kumanzere kwanga, amene anatembenukira kolakwika. Ndinatsala pang'ono kuseka. Mnyamata ameneyo anali wa ku Quelimane, anamaliza kalasi 12, Chipwitikizi chake ngati cha pawailesi. Koma anali asanamvepo chiyankhulo chakecho chikukuwidwa iye ali ndi mantha. Masabata awiri oyamba, pamene anzanga ambiri ankalimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, mapapo ndi makutu, ine pa perete ndi pothamanga m'mawa mutu unali ndi mpata. Ndikamati ndalama zija zinagwira ntchito, ndikunena mpata umenewo. Madala ankanenanso kuti ife a kumapiri tikatsikira kunyanja mpweya umatichulukira. Mwina zinathandizako masiku oyamba, koma kutentha kunadya phindu lonselo.

Tsopano zimene anandilakwira, ndipo apa makolo mumvetsere.

Chachikulu ndi madzi. A Sarjento ankatiletsa kumwa madzi pa maphunziro. Ati madzi amalemeretsa mimba ndipo msilikali weniweni amapirira ludzu. Ku Ulongwe, 5 koloko m'mawa mwezi wa Julayi, ungathe kupirira chifukwa thukuta lake ndi lochepa. Ine ndinatenga chiphunzitso chimenecho n'kupita nacho kumchenga wa kum'mwera. Pa ulendo woyamba wautali wapansi, chikwama kumsana, mfuti paphewa, dzuwa lili paliwombo, ndinasiya cantil yanga, botolo la madzi, yodzadza m'chiuno monyadira. Patapita maola angapo ndinaona kuti thukuta lasiya kutuluka, mutu ukugunda ngati ng'oma, mitengo ikuyendayenda. Ndinadzidzimuka ndili pansi pa mtengo wa mkaju, mlangizi akundithira madzi m'khosi ndi kumutu. Atagwedeza cantil yanga n'kumva kuti ndi yodzadza, anandiyang'ana ngati waona wamisala. Anandifunsa kuti ndani anandiuza zopusa zimenezo. Sindinawatchule madala. Munthu akasiya kutuluka thukuta padzuwa, mutu n'kuyamba kusokonekera, ndiye kuti thupi lalephera kudziziziritsa, ndipo anthu amafa nazo. Kukampu ankatiuza kuti tizimwa pang'onopang'ono ludzu lisanafike, ndi kuyang'ana mkodzo: ukada ngati tiyi, wachedwa kale.

China ndi kuyenda ngati bakha, chonjuta manja kumutu, kuzungulira theka la bwalo. Chinali chilango chawo chokondedwa. Mnyamata wina wa ku Tsangano bondo linatupa mwezi wachiwiri, anasiya kubwera, ndipo ndalama zake sanabwezeredwe. Madala safunsa za matenda munthu akamayamba. Amangolandira ndalama n'kulemba dzina. Panali wina wa chifuwa cha mphumu amene tinamudziwa tsiku limene anagwa. Ngati mwana wanu ali ndi vuto la chifuwa, mtima kapena mawondo, yambani mwapita naye kuchipatala, chifukwa pabwalo paja palibe amene adzafunse.

Za jombo sanatikonzekeretse n'komwe. Miyezi itatu yonse tinkathamanga ndi nsapato zofewa za pakaunjika, ena ndi zigogo. Jombo yatsopano ya usilikali ndi chinthu china: yolemera, youma, ndipo mchenga ukalowamo umasanduka chopalira. Sabata yoyamba ndinali ndi matuza asanu ndi limodzi, misongolo ikuwawa ngati andimenya ndi chitsulo. Nzeru ndinazipeza kwa mnyamata wina wa ku Gaza amene mkulu wake anadutsamo kale: masokosi awiri, opyapyala m'kati, okhuthala kunja, kupaka mafuta odzola pamene pakukhuza thuza lisanatuluke, kuchapa masokosi madzulo alionse, kuvula jombo mpata ukangopezeka kuti mapazi aume, kudula zikhadabo. Zonsezi madala akanatha kutiuza pa mphindi zisanu. Akanangotiuza kuti mwezi womaliza tipeze jombo zakale pamsika tiziyenda nazo, ndikanapulumuka zambiri.

Ndipo Chipwitikizi cha perete si Chipwitikizi chonse cha kukampu. Apa ndi pamene ndinavutika koposa, ndipo mpaka lero ndikuvutikabe pang'ono. Kunja kwa perete kuli maphunziro okhala pansi: malamulo a usilikali, maudindo ndi zizindikiro zake, chithandizo choyamba, kasamalidwe ka mfuti. Mlangizi amalankhula mothamanga, wina ndi kalankhulidwe ka ku Maputo, wina ka ku Nampula, ndipo umayenera kulemba m'kope. Ine ndinkagwira liwu limodzi mwa anayi. Ndikamalimbana ndi kalembedwe ka liwu limodzi, iye wapita kale ziganizo zitatu. "Não percebi" unganene kamodzi, mwina kawiri. Kachitatu anthu amayamba kung'ung'udza.

Ngakhale mawu wamba a moyo wa m'nyumba yogona, caserna, madala anawaiwala. Tsiku lina madzulo anawerenga mndandanda, ndinamva nambala yanga ndi liwu loti plantão, ndi nthawi yake. Ndinayankha mwamphamvu kuti "Pronto!" n'kukagona tulo tabwino. Plantão ndi ulonda wa m'nyumbamo, mumasinthana usiku. Amene ndinayenera kumulandira anandidikira, kenako anthu anadzutsidwa, ndipo mapushapu a usiku umenewo ndinawawerenga bwino kwambiri, dezasseis ndi dezassete yemwe. Mlandu unali wanga, chifukwa ndinavomera chimene sindinamve, chinthu chenicheni chimene madala ankatiletsa. Koma liwulo akanatiphunzitsa. Chimodzimodzi faxina, ntchito yosesa ndi kukolopa, alvorada, kudzuka kwa m'mawa, ndi recolher, nthawi yokagona. Tsiku linanso ananditumiza ndi uthenga n'kundiuza kuti ndipite "sempre direito". Ine, mwana wa kansalu kofiira, ndinamva direita n'kukhotera kumanja, mpaka ndinakatulukira kukhitchini. Direita ndi kumanja, direito ndi kulunjika kutsogolo. Chilembo chimodzi chokha.

Amene anandipulumutsa ndi mnyamata wa ku Quelimane uja. Iye pothamanga ankatsalira, ankanyamuka ndi liwiro lonse ngati mmene ndinachitira ine tsiku loyamba ku Ulongwe. Tinapangana. M'mawa ndinkathamanga pambali pake n'kumamuwerengera mapazi, kupuma kawiri kulowetsa, kawiri kutulutsa, monga ankatichitira madala. Madzulo iye ankandibwereka kope lake n'kundifotokozera pang'onopang'ono, pena ndi manja. Mawu atsopano ndinkawalemba m'kakope kanga ka m'thumba, kumanzere Chipwitikizi, kumanja Chichewa, asanu patsiku. Kumeneko kuli liwu limene aliyense amalikonda, desenrascar, kudzipezera njira pamene palibe njira. Ndi limene tinkachita.

Usiku m'caserna munkamveka Mozambique yense. A kum'mwera ndi Chichangana chawo, a kumpoto ndi Chimakua, ena Chichuabo, ena Chindau. Anyamata a Chinyungwe ndi Chisena ndinkawamva theka, ndipo masiku oyamba ndinkathawira kwa iwo mtima ukalemera. Koma ndinaona kuti ndikakhala nawo kwambiri Chipwitikizi changa chinkaima. Nyimbo zothamangira zambiri sizinali za Chipwitikizi n'komwe, ndipo ndinaziimba miyezi yonse osadziwa kuti ndikuti chiyani, bola phazi likugwa pa nthawi yake. Tsiku lolumbira pamaso pa mbendera, juramento da bandeira, mawu onse ndinali nditawaloweza, ndipo nthawi imeneyo ndinkadziwa tanthauzo la lililonse, chifukwa mnzangayo anakhala nane mausiku atatu kundimasulira.

Ndiye kwa makolo anayi aja ndi ena amene mufunse mawa. Ngati mwana wanu anaphunzira kuno mpaka sekondale, Chipwitikizi amachimva, ndipo amasewera mpira, musavutike. Mugulireni jombo zakale ndi masokosi, azidzuka yekha. Ngati ali ngati mmene ndinalili ine, wa sukulu ya tsidya lina kapena wosiyira panjira, wokhala pa njinga kapena m'shopu tsiku lonse, mutumizeni, koma kwa miyezi itatu yathunthu, chifukwa mwezi umodzi ungomupatsa zilonda. Apite ndi botolo la madzi ndipo amwe, madala anene zimene anene. Akauzidwa za bakha bondo likupweteka, akane mwaulemu. Masana ena azithamangako dzuwa lilipo kuti thupi lilawe kutentha. Ndalama ya mapepala ija musapereke. M'malo mwake pezani mwana wa sekondale wa pafupi, azimuwerengera nkhani mokweza iye n'kumalemba, ndipo wailesi ya m'nyumba muichotse kaye pa siteshoni za ku Malawi, azimvera nkhani za Chipwitikizi madzulo alionse ngakhale asakumva zonse. Atsikana amalandiridwa mofanana ndi anyamata, mtengo womwewo, mapushapu omwewo, ndipo pa miyezi yanga itatu sindinaone madala akuchita kapena kulankhula zopanda ulemu kwa aliyense wa iwo. Sanalonjezeponso munthu kuti ali ndi anzawo kumtunda amene angamuchotse pa mndandanda kapena kumusankhira malo abwino. Pa zimenezo ndimawalemekeza.

Tsiku lija pamsika, atamaliza za tomato, ndinawaperekeza n'kuwanyamulira jumbo. Ndinawauza za kansalu kofiira ndi za mpini, anaseka mpaka kutsokomola. Kenako ndinalimba mtima n'kuwauza za mtengo wa mkaju uja ndi cantil yodzadza. Anakhala chete mtunda ndithu. Pamapeto pake anati, "Ife m'nthawi yathu madziwo kunalibe." Ndinati, "Ndamva, madala, koma pano alipo." Analanda jumbo yawo n'kulowa kumpanda osatsanzika.

Loweruka ndinadzuka 4 koloko n'kupita kubwalo kuja. Anali ndi ana 11, atsikana atatu. Patsinde pa golo panali chigubu chachikasu cha malita 20 ndi kapu yapulasitiki yomangirira chingwe. Nditachiyang'ana, iwo anayang'ana kumbali n'kuti n'chosukusulira kumaso. Kenako anakoka mpweya: "Direitaaa, volver!" Khumi anatembenukira kumanja. Wa kumapeto, wonenepa pang'ono, wovala jekete ya anyamata a njinga, anatembenukira kwa ine.